Momwe mungatsukire ndi kupolisha njinga yamoto ndi ndowa ziwiri zokha

Njinga yamoto ya mu Harare sichedwa kuda. M'chilimwe fumbi lofiira la m'misewu ya ku Epworth, Mabvuku ndi Dzivarasekwa limalowa paliponse. Mu Okutobala maluwa a jakaranda amagwera pathanki n'kusiya zomata, ndipo mvula ikayamba mu Novembala, matope a m'maenje amakafika mpaka kutcheni. Madzi apampopi nawo mukudziwa kale mmene amavutira, choncho njira iyi siyifuna paipi. Chachikulu ndi kutsata ndondomeko, chifukwa chomwe chimakanda penti kwambiri ndi mchenga umene munthu amaukhuta yekha ndi nsanza.

Konzani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsanza. Mufunikanso sopo wotsukira galimoto, nsanza zofewa zitatu kapena zinayi, burashi, mswachi wakale, palafini pang'ono, mafuta a tcheni ndi polishi. Zambiri mwa izi mukazipeza mu Kaguvi Street kapena ku Siyaso ku Mbare. Sopo wochapira zovala wa ufa musamugwiritse ntchito, amafwifwitsa penti. Wotsukira mbale amachotsa polishi yense amene analipo, ndiye ngati mulibe wina, dziwani kuti kupolisha pambuyo pake n'kosazembeka.

Poyamba imikani njinga pamthunzi, pa sitandi yapakati ngati ilipo, ndipo dikirani injini izizire. Madzi ozizira pachitsulo chotentha si abwino, komanso sopo amauma msanga n'kusiya mabala. Tsekani kukamwa kwa ekizosi ndi pepala lapulasitiki, ndipo polowetsa kiyi pamatani tepi.

Kenako yambani ndi tcheni, poti ndiye chauve kwambiri ndipo chimathimbirizitsa zina. Yalani katoni pansi. Viikani mswachi m'palafini, kwechani tcheni pang'onopang'ono uku mukuzunguza tayala lakumbuyo ndi dzanja. Mudzaona phala lakuda lokhala ndi timchenga likudontha: ndi limenelo limadya mano a sprocket, gudumu la mano lomwe tcheni imayendapo. Petulo ayi, chifukwa amaononga timalabala tokhala pakati pa tcheni zina, komanso ndi moto woyenda. Ndipo chonde injini ikhale yozima. Kuizimitsa n'kuchedwa, amatero ena, n'kuika giya kuti tayala lizizungulira lokha nsanza ili m'manja. Anthu aduka zala ndi njira imeneyi. Mukatha, pukutani tcheni iume, koma mafuta musathire kaye.

Palafini wakudayo musamutayire m'ngalande. Madzi a m'ngalande zathu zambiri amatsikira mumtsinje wa Mukuvisi, kukalowa mu Manyame mpaka ku Lake Chivero, komwe mzinda umatunga madzi akumwa. Muikeni m'botolo, zinyalala zikakhazikika pansi, wapamwambayo mudzatsukiranso tcheni ulendo wina.

Tsopano thirani madzi oyera njinga yonse ndi kapu kapena botolo loboola pachitsekerero, kuti fumbi litsike lokha musanakhudze ndi nsanza. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amatenga nsanza youma n'kupukuta thanki lafumbi m'mawa uliwonse, kenako n'kumadabwa kuti bwanji likuoneka mikwingwirima padzuwa. Matope ouma pansi pa madigadi anyowetseni, adikireni afewe.

Tsukani kuchokera pamwamba kutsika pansi: magalasi, nyali, thanki, zam'mbali, kenako injini, ndipo matayala pomaliza. Nthawi iliyonse nsanza isanabwerere m'sopo, itsukuluzeni m'ndowa ya madzi oyera. Mukamaliza, tayang'anani pansi pa ndowayo muone mchenga umene ukanapita papenti. Nsanza ya matayala isakwerenso pathanki. Pakati pa tizitsulo topyapyala toziziritsa injini ndi pa masipoko, burashi ndiye imafika. Pa batire, mawaya, pulagi ndi polowera mpweya musakhuthulirepo madzi, ingopukutani ndi nsanza yofinya. Ngati mwapita nayo pa car wash, auzeni anyamata kuti makina a mphamvu aja asawalozetse pa maberingi ndi patcheni, amachotsa girisi.

Tsukuluzani, ndipo pukutani nthawi yomweyo. Madzi a pamjigo akauma okha amakonda kusiya timadontho toyera, makamaka papenti wakuda.

Polishi amafuna penti wouma ndi wozizira. Pakani pang'ono chabe ndi nsanza yofewa, malo ochepa nthawi imodzi, dikirani achite mbuu, kenako pukutani ndi nsanza ina yoyera mpaka awale. Kuchulutsa sikuwalitsa, kumangodzaza m'mipata. Ngati penti wanu ndi uja wosawala chibadwire, musapakepo polishi wamba, amasiya zigamba zonyezimira zosachoka. Pa zitsulo zonyezimira monga ekizosi ndi mahandulo gwiritsani ntchito polishi wa zitsulo monga Autosol. Timadontho ta dzimbiri timachoka mukakwecha mofatsa ndi kapepala ka aluminiyamu kokutira chakudya konyowetsa. Sitiliwulo wa m'khitchini amakanda.

Pali malo asanu omwe polishi kapena mafuta sayenera kufikako: pamatayala, pa mabuleki, pampando ndi pogwira ndi popondera. Tayala lonyezimira limakongola njinga itaima, koma pokhota pa roundabout kukagwa mvula likutayani. Mpando woterera nawo umakukankhirani kuthanki mukagwira buleki. Ngati mafuta adonthera pa disiki ya buleki, pukutani ndi mankhwala otsukira mabuleki (brake cleaner) musananyamuke.

Chotsani pulasitiki ndi tepi zija, lizani injini, yendani pang'ono m'mudzimo uku mukugwira mabuleki mobwerezabwereza kuti aume, chifukwa akanyowa sagwira bwino poyamba. Mukabwerako zimitsani injini, thirani mafuta mkati mwa tcheni chakumunsi uku mukuzunguza tayala ndi dzanja, ndipo otsala pukutani kuti asakope fumbi. Mabuku ambiri a njinga amati muzitero pa makilomita 500 mpaka 1,000 aliwonse, koma nyengo yamvula, makamaka inu operekera katundu tsiku lonse, musadikire kufika pamenepo. Pomwepo kankhani tcheni ndi chala pakati: pa njinga zambiri zazing'ono imayenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30, ndipo nambala yeniyeni ya njinga yanu kawirikawiri imalembedwa pa kachikwangwani komatidwa pafupi ndi tcheniyo.