Momwe mungakonzekerere kulowa m'gulu la asanu pa masewera a rhythmic gymnastics

Rhythmic gymnastics ndi masewera ovina motsatira nyimbo uku ukuseweretsa zida monga mkombero, mpira ndi riboni. Mpikisano wa magulu unalowa mu Olimpiki mu 1996 ku Atlanta, komwe Spain inatenga golide. Russia inapambana kasanu motsatizana kuyambira 2000 mpaka 2016, Bulgaria n'kupambana ku Tokyo, ndipo ku Paris mu 2024 inali nthawi ya China. Ku Tokyo ndi ku Paris, Africa inaimiridwa ndi gulu la Egypt. Mtsikana amalowa mpikisano wa akuluakulu m'chaka chomwe akukwanitsa zaka 16, choncho kukonzekera kumayamba akali mwana.

Choyamba, dziwani zida zanu. Mkombero umakhala wa masentimita 80 mpaka 90 mkati mwake ndipo sulemera pansi pa magalamu 300. Mpira ndi wa masentimita 18 mpaka 20, magalamu 400 kupita m'mwamba. Riboni ya akuluakulu ndi ya mamita 6, yomangidwa ku kamtengo ka masentimita 50 mpaka 60. Palinso tizibonga tiwiri. Gulu limavina kawiri: kamodzi onse ndi chida chofanana, kenako atatu ndi chida china, awiri ndi china. Ku Paris inali mikombero isanu, kenako mariboni atatu ndi mipira iwiri. Amene wazolowera chida chimodzi chokha amavutika kupeza malo.

Chachiwiri, limbikirani kavinidwe ka ballet ndi kutambasula thupi, chifukwa oweruza amayang'ana ngati miyendo isanu yakwera msinkhu umodzi pa nthawi imodzi.

Chachitatu ndiye mtima wa masewerawa: kuponyerana. Wovina yekha akaponya molakwika amathamangira chida chake n'kuchiwakha. M'gulu, cholakwa chanu chimagwera mnzanu, yemwe mwina wapolama kapena wakufulatirani, sakuona n'komwe. Yambani awiriawiri, mutaimirira, popanda nyimbo. Ikani mkombero pansi ngati chizindikiro ndipo ponyani mpaka mpira uzigwera m'katimo nthawi zonse. Mkono ukhale wowongoka, mphamvu ichokere m'mawondo, ndipo chida chisiyidwe dzanja likafika pamwamba pa nkhope. Mukachisiya msanga chimapitirira mnzanu. Mukachedwa chimakwera chokhachokha n'kugwera pafupi nanu. Izi zikakhazikika, talikiranani pang'onopang'ono, onjezani kuzungulira, kenako lowetsani onse asanu.

Apa ndi pomwe zida zimagundana m'mwamba. Kawirikawiri vuto si dzanja ayi, koma mapazi: wina waima theka la mita kutali ndi malo ake, ndiye njira za zida ziwiri zikudutsana. Kochi alembe malo a aliyense ndi tepi pa kapeti ya mamita 13 mbali zonse, agawenso njira, wina aponye chokwera, wina chotsikirapo. Pezani holo yokhala ndi denga lalitali, mamita 8 kapena kuposa, apo ayi dzanja lizolowera kuponya mwamantha.

Chachinayi, yesererani kugwetsa. Chida chikagwa, mapointi amachoka kawiri: pa kachitidwe, komanso kuponyeranako sikuwerengedwa. Gwirizanani pasadakhale kuti amene ali pafupi ndiye atole, enawo apitirize ndi nyimbo. Dziwaninso pomwe paikidwa zida zapadera kunja kwa kapeti. Riboni muisite isanafike nthawi yovina ndipo muisunge pouma, chifukwa chinyezi chimailemeretsa n'kuyamba kumanga mfundo.

Chachisanu, vinani gule yense wathunthu, mphindi 2:15 mpaka 2:30, kangapo pa tsiku, kuti muzolowere kuponya molondola mutatopa. Kupweteka kwa msana kapena phazi kukayamba, uzani kochi ndi dokotala msanga. Kubisa poopa kutaya malo kumasandutsa bala laling'ono kukhala la miyezi. Mtsikana wachisanu ndi chimodzi, wodikirira, aphunzire malo a anthu awiri kapena atatu.

Bungwe la FIG, loyang'anira masewera a gymnastics padziko lonse, limasintha malamulo a mapointi Olimpiki iliyonse ikatha, ndipo zida za magulu zimasinthanso. Musanasankhe nyimbo kapena kugula zida, werengani buku la malamulo latsopano patsamba la FIG.