Mukafuna kukaona phanga la Lascaux, konzekani chonchi

Choyamba dziwani kuti phanga lenileni la Lascaux, la ku France lomwe lili ndi zojambula za anthu akalekale, simungalowemo olo mutakhala ndi ndalama bwanji. Analitseka mu 1963 chifukwa mpweya wa anthu, pafupifupi 1,200 patsiku, unayamba kumeretsa ndere pa zojambula zomwe zinakhala bwinobwino zaka ngati 17,000. Chomwe mukaone ndi Lascaux IV, phanga lokopera lomwe anatsegula mu 2016 ku Montignac, chigawo cha Dordogne ku France, ndipo chonde musalinyoze kuti ndi feki, makoma ake anachita kuyeza ndi makina kenako akatswiri nkupenta pamanja mpaka timing'alu tomwe.

Tiketi guliranitu pa intaneti, makamaka Julaye ndi Ogasiti anthu akakhala pa holide kumadzaza heve. Posankha nthawi onaninso chilankhulo chomwe wokuonetsani malo azilankhula ku gulu lomwe mulowe nalo, ambiri ndi a Chifalansa ndiye mukangodina osawerenga muyenda ola lathunthu osamvapo kanthu. Ku Montignac kulibe siteshoni ya sitima, bola kuhaya galimoto ku Brive kapena Périgueux.

Tengani juzi olo kunja kukuotcha, mkatimo amaziziritsa dala kuti mumve ngati muli m'phanga lenilenilo. Kujambula ndi foni salola, ndipo ine ndimati zili bwino choncho, maso amafunika mpata azolowere mdima.

Mukalowa chipinda choyamba cha ng'ombe zamphongo musathamangire kutsogolo kwa gulu ayi, tsalirani pang'ono m'mbuyo mukweze mutu, ng'ombe ina ndi yaitali kuposa mamita 5! Kenako yang'anitsitsani mwalawo osati utoto wokha, muona kuti pomwe mwala watukuka wojambula anapasandutsa mimba kapena phewa la nyama, nchifukwa chake mahatchi ndi agwape amaoneka ngati akuyenda kuwala kukasuntha, zimenezi pachithunzi simungazione olo pang'ono. Zofiira ndi zachikasu ndi dothi la mtundu wa katondo, zakuda ndi manganese, mtundu wa miyala yakuda. Amene munafikako ku Chongoni ku Dedza mukudziwa kale kuti zojambula za pamwala sizifuna phuma.

Mukatuluka musathawire kugalimoto, kuli holo ina yomwe anaikamo zigawo za makoma zoti muonere pafupi, uko ndiye jambulani mmene mungathere. Fufuzani munthu wa mutu wa mbalame wagona chagada kutsogolo kwa njati yovulala, ndi munthu yekhayo amene anajambulidwa m'phanga lonse. Zonse pamodzi patulani maola atatu, ndipo ngati muli ndi ana adyetseni musanalowe.