Tambala wachilendo asalowe m'khola tsiku lomwe wafika

Nkhuku ikaswa anapiye 10, pafupifupi theka amakhala atambala. Akadali aang'ono savuta, koma akangokwana miyezi 5 kapena 6 amayamba kulira, kuthamangitsa misoti ndi kutemana okhaokha. Amene mumaweta kuseri kwa nyumba m'tauni, kaya ku Ndirande kapena ku Area 25, mukudziwa zimene zimatsatira: a pakhomo loyandikana ayamba kudandaula kuti tulo sakutiona, ndipo mapeto ake tambala amatumizidwa kwa abale kumudzi. Kumudzi nakonso alipo mlimi amene waona kuti nkhuku zake zikunka zichepa msinkhu, ndiye wapita kukagula tambala pa tsiku la msika. Onsewa akafika naye pakhomo, ambiri amangomumasula miyendo n'kumuponya pabwalo kuti adziwane ndi zinzake. Makola ambiri atha chifukwa cha mchitidwe umenewu.

Anthu amaopa ndeu, koma chimene chimapululutsa nkhuku ndi chitopa, chomwe ena amati chideru. Nthendayi ilibe mankhwala ochiza. Nkhuku ikatenga kachirombo kake imatha masiku 2 mpaka 15 isanaonetse chizindikiro chilichonse, kotero tambala amene mwamuona pamsika ali chilili, lipombo lili psuu, akhoza kukhala atanyamula kale matenda. Ndipo tinene mosabisa: chitopa chikabuka m'mudzi, eni nkhuku amathamangira kukagulitsa zotsala zisanafe. Mukaona nkhuku zadzaza msika pa mtengo wotsika modabwitsa, makamaka nyengo yotentha ija ya Ogasiti mpaka Novembala, bwezani ndalama m'thumba.

Choncho tambala akafika, mupatseni pake payekha kwa sabata zitatu. Sipafunika khola lodula. Chitatanga chachikulu kapena kakhola ka nsungwi n'kokwanira, bola chikhale pamthunzi, mbali ina ya nyumba komwe nkhuku zanu sizipitapita. Akhale ndi chodyera chake ndi chomwera chake. M'mawa yambani mwadyetsa nkhuku zanu, mlendoyo mumalizire, kenako sambani m'manja ndi sopo. Ana auzidwe bwino, chifukwa ndi iwo amakonda kutenga mbale ya kuno n'kukaiika uko. Sabata zitatu zimaoneka zambiri kwa munthu amene akufunitsitsa mazira a mbewu yatsopano, koma ndi nthawi yokwanira kuti matenda amene abisala aonekere.

M'masiku amenewa muzimuyang'ana tsiku ndi tsiku. Chitosi chamadzimadzi chobiriwira, mapiko ogwa ngati wavala jekete, kupuma kwa phokoso, khosi lopindika, kusinza masana: zimenezo ndi za chitopa, ndipo mukaziona dziwitsani alangizi a ziweto msanga, tambalayo osamugulitsa, osamupatsa munthu. Akafa mukwirireni m'dzenje lakuya kapena mumutenthe, agalu asamufukule. Maso otupa ndi mamina ndi chimfine cha nkhuku, pomwe tizilonda touma pa lipombo ndi nthomba, ndipo zonsezi n'zopatsirana.

Mugwireni usiku, nthawi imene salimbana, muunike ndi tochi. Tsegulani nthenga za kunsi kwa mapiko ndi kuzungulira kotulukira chitosi. Nsabwe mudzaziona zikuthawa kuwala, ndipo mazira ake amaunjikana oyera patsinde pa nthenga. Utitiri umamatirira kuzungulira maso ndi pa lipombo, tinthu takuda tosasuntha. Muthireni mankhwala a ufa ogula ku sitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo muike phulusa losakaniza ndi mchenga m'beseni lakutha kuti azisambamo. Mamba a m'miyendo akakhala otukuka ndi okakala, pakani Vaseline kangapo pa sabata. Akakhala wathanzi, alandire katemera wa chitopa wa I-2, uja wa dontho limodzi m'diso. Chitetezo chake sichiyamba tsiku lomwelo, chimatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye mtemereni m'masiku oyamba enieni. Nkhuku zanu nazo zikhale zotemera. Katemerayu amabwerezedwa pakatha miyezi 4 iliyonse, ndipo m'madera ambiri otemera amayenda mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Nkhuku yodwala kale sitemeredwa.

Tsopano nkhani ya mwini bwalo. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa ulimi wa nkhuku mawuwa ndi oona ndithu pamene mathadzi ali ochepa. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Ngati muli ndi mathadzi 6 kapena 7, musadzivute n'kuyanjanitsa awiriwo: wakaleyo achoke. Mugulitseni, musinthanitse, kapena akhale ndiwo. Ndikudziwa kuti pena tambala wakale amakhala ngati wapabanja, ndi amene amadzutsa anthu kupita kudimba, koma akakhala pakhomo kupitirira chaka amayamba kukwera ana ake omwe, ndipo ndi pamenepo mumaona mazira ambiri akusukusa, anapiye ofooka, nkhuku zosakula. Cholinga chobweretsera wachilendo n'kuthetsa zimenezi. N'chifukwa chakenso kusinthana ndi a pakhomo loyandikana sikuthandiza kwenikweni, popeza nkhuku zanu ndi zawo zimadyera dzala limodzi ndipo zinasakanikirana kalekale. Kafuneni tambala kumudzi wina, kwa munthu amene mukudziwa kuti amatemera.

Wakale akachoka, dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Sabata zitatu zija zikakwana, sunthirani chitatanga pabwalo pomwe nkhuku zimadyera, mlendo ali momwemo, kwa masiku 3 mpaka 5. Muziwaza madeya mozungulira chitatangacho kuti zizidya zikuonana. Tsiku loyamba mathadzi amaimirira patali, khosi lili m'mwamba. Pofika lachitatu mudzamumva akuchita tiku-tiku-tiku, kutola kanjere n'kukagwetsa, kuitanira mathadzi chakudya, ndipo ena amabwera n'kusuzumira m'mipata ya nsungwi. Mukaona zimenezo, nthawi yakwana.

Mulowetseni m'khola usiku, zinzake zitagona kale. Nkhuku siziona bwino mumdima, ndiye sizimuyamba, ndipo kukacha zimadzuka naye limodzi. M'mawa mwake khalani pafupi potsegula khola. Masiku oyamba musamulole kupita kutali, ndipo madzulo onetsetsani kuti walowa m'khola, asazolowere kugona mumtengo wa mango. Ngati kumene wachokera n'kufupi, mutsekereni m'khola masiku angapo, apo ayi mudzamupeza wabwerera kwawo. Thadzi lomwe lili ndi anapiye lisiyeni padera kaye, chifukwa limamenya aliyense woyandikira, ndipo anapiye amapondedwa pa chipwirikiticho.

Amene muli ndi mathadzi 20 kapena kupitirira, ndipo nkhuku zimayenda momasuka pamalo otakasuka, atambala awiri atha kukhala. Chosavuta n'kubweretsa wamng'ono amene sanayambe kulira, chifukwa wamkulu samuona ngati wolanda ufumu. Amangomuthamangitsa pang'ono basi. Akakhala ofanana msinkhu, ndeu siilephera. Adzaimitsa nthenga za m'khosi, kudumphirana, kukankhana ndi miyendo, mpaka mmodzi atathawa. Wina akathawa ndipo wopambana wamusiya, nkhani yatha, musalowererepo. Lowererani mukaona magazi, mukaona diso lavulala, kapena wogonja wapanikizidwa pakona, wabisa mutu, mnzake akumujomphabe. Alekanitseni ndi thumba kapena muwathire madzi, osati ndi manja, chifukwa zikhadabo zija za kumbuyo kwa miyendo zimang'amba khungu. Wovulala mutsukeni ndi madzi ofunda a mchere pang'ono ndipo akhale payekha mpaka bala litauma, popeza nkhuku zikaona magazi zimajompha pomwepo osaleka. Ikani zodyera ndi zomwera pamalo awiri otalikirana kuti wogonja naye azidya. Pakatha sabata ndeu ya magazi ikupitirira, awiriwo sadzamvana, mmodzi achoke. Anyamata okonda kusonkhezera atambala kuti aonere nkhonya aletsedwe.

Ambiri amafunsa za tambala wa Mikolongwe, wakuda uja wa mtundu wa Black Australorp, yemwe dzina lake lotchuka linachokera ku famu ya boma ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Ana amene amabereka ndi nkhuku zamakolo amakula thupi ndipo amaikira mazira ambiri, koma musamutenge ngati wachikuda. Amafuna chakudya choonjezera, madeya osakaniza ndi soya wokazinga kapena zinyenyeswa za usipa, ndipo sachenjera msanga akaona kabawi kapena likongwe. Ndi wolemera, moti mathadzi akachepa amawasosola nthenga za pamsana. Chinanso, ngati atambala achikuda a m'mudzi akuyendabe pabwalo panu, adzamuthamangitsa n'kumakwera okha mathadzi anu, ndalama yanu n'kupita pachabe. Zimayenda bwino pamene makomo oyandikana agwirizana pa gulu kuchotsa atambala akale nthawi imodzi.

Inu amene mukupereka tambala, nenani zoona za msinkhu wake ndi mwezi umene anatemeredwa komaliza. Ngati kwanu kwafa nkhuku posachedwa, musatumize kwa abale ngakhale imodzi. Tambala wolusa, wothamangitsa ana, asapite pakhomo pa ana ang'ono. Ponyamula, m'malo momulendeweza chadodolido pa handulo ya njinga dzuwa likuswa mtengo, muikeni m'katoni yoboola kapena m'dengu, muyende m'mamawa kapena madzulo, ndipo akafika ayambe walandira madzi.

Musathamangire kunena kuti anapiye oyamba ndi a tambala watsopano. Thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi mpaka sabata ziwiri kapena zitatu, ndiye mazira a masiku oyambawo akhoza kukhala a wakale uja. Amenewo idyani kapena gulitsani. Ofungatiritsa yambani kusunga pakatha sabata zitatu chichokereni wakaleyo. Nkhuku ikawakhalira masiku 7 mpaka 10, aunikeni ndi tochi mumdima: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, pomwe lopanda mbewu limangowala mbee. Ambiri akakhala owala choncho, ndiye kuti tambalayo ndi wokalamba, kapena mathadzi amuchulukira, kapena akuopabe mnzake ndipo sakukwera. Mukhale pabwalo m'mawa umodzi muone chimene chikuchitika, musanamuweruze kuti apite mumphika.