Kuyeza mkaka wa ufa ndi kapu ngati mulibe sikelo

Malangizo ambiri ophikira masikono, keke kapena buledi amatchula mkaka wa ufa m'magalamu, pamene m'makhitchini ambiri muno mu Zomba chomwe chilipo ndi kapu ndi supuni basi. Chofunika kugwira n'chakuti mkaka wa ufa umalemera pafupifupi theka la madzi. Kapu ya mamililita 250 imatenga madzi olemera magalamu 250, koma mkaka wa ufa wokhala ndi mafuta ake onse, monga Nido, umangofika magalamu 125 kapena kupitirira pang'ono.

Supuni yaikulu ya mamililita 15 imatenga pafupifupi magalamu 8, ya tiyi magalamu awiri ndi theka. Choncho akati magalamu 30, thirani masupuni aakulu anayi. Akati 60, theka la kapu. Akati 100, makota atatu a kapu ndi supuni yaikulu imodzi.

Koma kapu yanuyo ndi ya 250 zoona? Makapu apulasitiki a mumsika wa Zomba amasiyanasiyana kukula. Dzazani madzi m'botolo la mamililita 500: likadzaza kapuyo kawiri ndendende, ndi yomweyo. Ikakhala yaikulupo, lembani mzere pomwe theka la botolo lalekezera.

Ambiri amalakwitsa pa katapidwe. Vundulani kaye mkakawo ndi supuni youma, kenaka thirani m'kapu pang'onopang'ono mpaka utatumphuka, n'kusalaza pamwamba ndi msana wa mpeni. Osatsendera, osagogoda kapu patebulo, chifukwa ufa umakhazikika ndipo mumalowa wochuluka kuposa muyeso. Supuni yamulu nayonso imatha kunyamula pafupifupi kawiri ya yosalaza.

Mtundu wa mkaka umasinthanso zinthu kwambiri. Wochotsedwa mafuta wolembedwa kuti instant uli ndi timibulu tamphepo m'kati, moti kapu yonse imangolemera magalamu 70 kapena chapompo. Ngati mwagula wosazolowereka, werengani makapu omwe akutuluka m'paketi yonse n'kugawa kulemera kolembedwa papaketipo ndi chiwerengero cha makapuwo kuti mupeze kulemera kwa kapu imodzi. Chitini cha magalamu 400 cha mkaka wamafuta chimapereka makapu atatu ndi pang'ono. Cremora musamuwerengere apa, si mkaka, ndi mafuta a zomera osakaniza ndi shuga.

Nthawi ya dzinja kapena ya chiperoni, chinyontho cha pansi pa phiri pano chimaumbitsa mkaka zibuma. Sefani musanayeze, ndipo sungani m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi nthunzi ya pamoto.

Mukafuna mkaka wamadzi wokwana lita imodzi, tengani kapu imodzi ya ufa ndi madzi okwana mamililita 900. Wa kapu imodzi, masupuni aakulu anayi. Yambani ndi madzi ofunda pang'ono, takasani mpaka ukhale ngati phala losalala, kenaka onjezani otsalawo. Madzi owira amapanga mibulu yosasungunuka. Pa masikono ndi mandasi n'kwabwino kungousakaniza ndi fulawa zonse zili zouma, madzi n'kubwera pambuyo.

Mukapyoza muyeso mudzaona msanga: shuga wa mumkaka amafiiritsa msanga, ndiye mandasi amada kunja m'kati muli mwauwisi. Chepetsani supuni imodzi kapena awiri, ndipo moto ukhale wapakatikati.

Miyeso iyi ndi ya zophika zokha. Mkaka wa makanda uli ndi kasupuni kakekake m'chitini, ndipo uyenera kuyezedwa monga alembera pachitinipo.