Mwagula khola la nkhuku logwiritsidwapo kale? Musathamangire penti

Makhola ang'onoang'ono amatabwa amene anthu amagulitsana pa Facebook Marketplace kapena Gumtree kuno ku Johannesburg ndi otchipa, koma ambiri amabwera ndi mavuto atatu: utitiri wobisala m'ming'alu, waya wofooka, ndi mpweya wosayenda bwino. Penti ndi chinthu chomalizira.

Yambani ndi utitiri. Tizilombo timeneti sitikhala pa nkhuku masana. Timabisala polumikizira matabwa, kumapeto kwa ndodo zogonapo ndi pansi pa chipepala chakuda chofolera denga, usiku n'kumatuluka kudzayamwa magazi. Timatha kukhala miyezi yambiri osadya, choncho mawu a wogulitsa akuti "kholali lakhala lopanda nkhuku chaka chino" asakupusitseni. Masulani chilichonse chomasulika. Chipepala cha padenga chija chotsani mutaye, m'malo mwake muike lata. Palani zitosi zonse zouma, tsukani ndi madzi otentha ndi sopo, kenako thirani mankhwala ophera tizilombo toyambitsa matenda ngati Virkon S motsatira muyezo wa pa paketi. Dothi likatsalira, mankhwala sagwira ntchito, ndiye kupala kuja musakuchite mwaulesi. Yanikani padzuwa. Popeza mazira a utitiri amaswa n'kukula m'sabata imodzi yokha, thirani mankhwala a utitiri ovomerezeka m'khola la nkhuku kawiri, motalikirana masiku 7. Lisiyeni lopanda kanthu milungu iwiri. Izi zimathandizanso pa chitopa ndi chimfine cha mbalame, chomwe mu 2023 chinapha nkhuku zambiri m'Gauteng mpaka mazira kusowa m'mashopu. Mukafuna kutsimikiza, pukutani pansi pa ndodo ndi kapepala koyera usiku nkhuku zitalowa: mizere yofiira ndiye kuti udakalipo.

Kenako yezani ndi tepi, chifukwa ogulitsa amakonda kukokomeza. Thadzi limodzi limafuna malo pafupifupi 0.4 sikweya mita mogona ndi sikweya mita imodzi panja. Khola la mamita 1.2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi la nkhuku zitatu, zikachuluka zinayi, ngakhale ananena kuti zisanu ndi zitatu. Zikapanikizana zimayamba kujomphana ndi kuswa mazira.

Waya wa mabowo akuluakulu uja amatchinga nkhuku kuti zisatuluke basi. Galu amang'amba, khoswe amadutsa. Gulani waya wowotcherera wa mabowo a mamilimita 13 ku Builders kapena Cashbuild, muumange ndi masikuluwu okhala ndi mawasha, pakuti timisomali tokhota timazuka. Kuzungulira mpanda yalani waya wina pansi wotulukira kunja masentimita 40, muukwirire ndi dothi kapena njerwa. Chilombo chimakumba m'mphepete mwa mpanda, chikapeza waya chimagwa ulesi. Khola lenilenilo likwezeni pa njerwa masentimita 30 kapena 40. Likakhala pansi penipeni makoswe amamanga mudzi kunsi kwake, komanso mvula ya mabingu ya Okutobala mpaka Malichi imawoletsa matabwa. Chakudya musasiye usiku. Chisungeni m'mgolo wotseka.

Pa mpweya ndi pomwe ambiri timalakwa. Juni ndi Julayi akafika, chisanu cha kuno chimatiopsa, timatseka pena paliponse ndi mapulasitiki. Nkhuku yaikulu imapirira kuzizira kwa Johannesburg ngati yauma. Chimene chimaidwalitsa ndi chinyezi ndi fungo la zitosi lotsekeredwa mkati, lomwe limawononga maso ndi chifuwa. Boolani mpata wa masentimita 5 mpaka 10 m'munsi mwa denga mbali ziwiri, pamwamba pa mitu ya nkhuku zikagona, mutchinge ndi waya. Ming'alu ya pamsinkhu wa ndodo yogonapo ndiyo mutseke. Khomo liyang'ane kumpoto kuti dzuwa la m'nyengo yozizira lizilowa. Lata lipendekeke ndi kutulukira kunja pang'ono, ndipo gawo lina la bwalo lifoleredwe: matalala a kuno sachita masewera.

Ndodo yogonapo ikhale thabwa la masentimita 5 m'lifupi, losalazidwa m'mbali, masentimita 25 mpaka 30 pa nkhuku iliyonse. Chofunika kwambiri n'chakuti ikhale pamwamba kuposa zisa. Makhola ambiri ogula amalakwitsa pamenepa, nkhuku n'kumagona m'zisa, mazira n'kumatuluka ali zitosi zokhazokha. Chisa chimodzi cha masentimita 30 mbali zonse chimakwanira nkhuku zinayi. Chiikeni pakona ya mdima. Pansi thirani zopalapala za matabwa zouma, osati utuchi wosalala wa fumbi. Panja ikani beseni kapena tayala lakale lokhala ndi mchenga ndi phulusa la nkhuni loti zizisambamo.

Mukamachotsa matabwa owola n'kuikapo a mapaleti, sankhani a chidindo cha HT, chosonyeza kuti anangotenthedwa pophera tizilombo. A MB anafukizidwa ndi mankhwala, asiyeni. Tsopano mutha kupaka laimu mkati, amayeretsa ndipo utitiri umaonekera msanga.

Ngati mukukhala pa lendi, lankhulani ndi eni nyumba musanabweretse nkhuku, mufunsenso ku ofesi ya zaumoyo ya City of Johannesburg za malamulo oweta nkhuku m'dera lanu. Tambala ndiye amayambanitsa anthu ndi aneba, ndipo mathadzi amaikira bwinobwino popanda iye.