Nyimbo zikasiya kulira pa kompyuta, musathamangire kufomata

Ambiri oika nyimbo m'mafulashi ndi m'ma memory card ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, pulogalamu yoyimbira nyimbo ikangokana, amathamangira kukaikitsa Windows yatsopano. Kawirikawiri kumakhala kungotaya ndalama ndi tsiku la malonda. Vuto limabisala pamalo atatu: mu fayilo ya nyimboyo, mu pulogalamu, kapena m'njira yomwe mawu amadutsa popita ku sipika. Muyambe mwadziwa pomwe lili.

Tsekulani nyimbo muyang'ane kamzere ka nthawi kali m'munsi. Ngati kakuyenda koma mawu kulibe, fayilo ndi yabwinobwino. Dinani ndi batani lakumanja la mausi pa kachithunzi ka sipika pafupi ndi wotchi, mulowe mu Volume Mixer, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake ndipo ina imatha kutsekedwa payokha. Onaninso komwe mawu akupita: mukalumikizapo TV ndi chingwe cha HDMI, kompyuta imatha kumatumizabe mawu komweko. Zikakanikabe, dinani mabatani a Windows ndi R pa kiyibodi pamodzi, lembani services.msc, pezani Windows Audio musankhe Restart.

Ngati kamzereko sikakusuntha, yesani nyimbo yomweyo mu VLC, pulogalamu ina yoyimbira nyimbo. Ikalira, cholakwa ndi pulogalamu yoyamba ija. Windows Media Player ya pa Windows 7 siwerenga mafayilo a FLAC, kapena a opus omwe amachokera ku mauthenga a mawu a pa WhatsApp, pomwe VLC imawaliza popanda kuwonjezera kalikonse. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi .mp3 sikuthandiza, chifukwa zamkati zimakhala zomwezo.

Koma bwanji ngati MP3 yomwe dzulo imalira lero ikukana? Magetsi akathima mwadzidzidzi pulogalamu ili mkati mogwira ntchito, kaundula wake wa nyimbo amatha kuwonongeka. Tsekani Windows Media Player, dinani Windows ndi R, lembani %LOCALAPPDATA%\Microsoft\Media Player, mufufute mafayilo othera ndi .wmdb. Musaope, nyimbo zanu sizili mmenemo. Mukaitsekulanso imalemba kaundula watsopano. Chinanso chosokoneza ndi chilembo cha fulashi: dzulo inali E:, lero yalowa ngati F:, pulogalamu nkumafunafuna komwe kulibe kanthu. Tsekulani nyimboyo kuchokera mu foda yake yeniyeni.

Nyimbo ikakana ndi mu VLC momwe, ikaikireni fayilo. MP3 ya mphindi 4 pa 128 kbps imakhala pafupifupi 4 MB. Mukaona 0 KB, yafa basi, ikopereninso kwina. Zotere zimabwera pozula fulashi isanamalize kulandira, choncho muzidina Eject nthawi zonse, kasitomala angafulumire chotani.

Pa fulashi pomwepa ndi pomwe pali mavuto ambiri, chifukwa patsiku mu kompyuta mumalowa mafulashi ambirimbiri a anthu osiyanasiyana. Mafoda akasanduka ma shortcut, ameneyo ndi vairasi wobisa mafayilo. Musawadine, mungamudzutse. Yambani mwaipima fulashiyo ndi antivirus, kenako mu Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolemberamo malamulo, lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda enieni adzaonekeranso. Palinso mafulashi achinyengo olembedwa 32 GB pomwe malo enieni ndi ochepa: nyimbo zoyamba kulowa zimalira, zomalizira zimangooneka mayina. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamaulula kukula kwenikweni. Yoteroyo ibwezeni komwe munaigula, sikonzeka.

Chomaliza ndi chathu chakuno kuchigwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo fumbi la pamsika limatseka timabowo ta fani. Purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro, nyimbo nkumadukaduka, mwina kompyuta nkuzima yokha. Mukaona kuti zimayamba masana okhaokha, musavutike ndi pulogalamu. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, tsekerezani fani ndi kamtengo kuti isazungulire, mupemerere fumbi ndi blowa. Laputopu musaiike pa nsalu kapena pa matiresi. Itsamiritseni pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo tebulo lichoke pomwe dzuwa la masana limaomba.