Mwana akamaphunthwa kukada: mmene mungadziwire ngati ndi nthenda ya maso yotengera kwa makolo

Kuseri kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamalandira kuwala. M'menemo muli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri: ma rod ndi ma cone. Ma rod amakhala ambiri m'mphepete ndipo amagwira ntchito mumdima. Ma cone adzaza pakati ndipo amaona mitundu ndi zilembo. Pa nthenda yotengera kwa makolo yotchedwa retinitis pigmentosa, ma rod ndiwo amayamba kufa. Munthu amasiya kuona usiku, kenako amaona ngati akusuzumira m'nsungwi, koma n'kumawerengabe bwino.

Yesani chonchi. Khalani ndi mwanayo mumdima kwa mphindi 30, chifukwa diso labwino limatenga nthawi imeneyi kuti lizolowere. Ngati anzake akuona mpando iye osauona, chenjerani. Masana atseke diso limodzi, ayang'ane mphuno yanu, inu muyendetse chala kuchokera kumbali. Akachedwa kuchiona kuposa inu, n'kutheka kuti m'mphepete mwa retina mwayamba kuwonongeka.

Funsani akuluakulu ngati m'banjamo munali wina wotere, makamaka ngati makolo ndi apachisuweni.

Kusowa vitamini A kumachititsanso khungu la usiku, koma limeneli limachira. Mango, papaya, mbatata yofiira mkati ndi bonongwe zimathandiza. Musamwetse mapiritsi a vitamini A mwachisawawa: akachuluka amawononga chiwindi.

Pitani naye kuchipatala cha boma, monga cha ku Mangochi, akamudonthezere mankhwala okulitsa kamwana ka diso n'kuona retina. Ngati pakufunika, adzamutumiza kuchipatala chachikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwalayo asapalase bwato usiku panyanja, ndipo aziyenda ndi tochi yowala kwambiri.